Ndikufuna kugulitsa alamu ya njinga yanga yamoto, koma rimoti imodzi inatayika

"Zikomo bambo a zamagetsi. Ndine wa kabaza wa njinga yamoto, ndimakhala ku Kawale mumzinda wa Lilongwe. Zaka ziwiri zapitazo ndinaikitsa alamu pa njinga yanga, ya rimoti ija imalira munthu akangoigwedeza njinga. Mwezi watha ndaikitsa GPS tracker, ndiye ndikuona ngati alamu ija yatha ntchito. Mnzanga wa pa siteji pomwe timaima akuifuna, akuti azindipatsa ndalama pang'onopang'ono. Vuto ndi loti rimoti imodzi inatayika, yatsala imodzi, ndipo lisiti sindikulionanso. Kodi ndingaigulitse? Pa mtengo wanji? Nanga ndingaichotse ndekha osawononga njinga? Ndikuopa kuti mawa ikafa tidzadana ndi mnzangayo."

Achimwene, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Katundu ndi wanu, munagula ndi thukuta lanu, palibe amene angakuletseni kumugulitsa. Alamu ya zaka ziwiri si nkhalamba ngati sinamwe madzi. Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira mawaya a galimoto ndi a njinga zamoto, ndachotsapo ma alamu ambiri pa njinga ina n'kukaika pa ina, ndipo ena akulirabe mpaka lero. Koma mantha amene mwatsiriza nawo kalata yanu ndi oona. Galasi, mpando kapena tayala, munthu amaona ndi maso n'kudziwa chimene akugula. Alamu ayi. Wogula alamu akugula tulo, akufuna azigona usiku podziwa kuti wina akakhudza njinga pakhonde adzamva. Tsiku limene adzadzuke n'kupeza pakhonde pali mbee, alamu osalira, dzina loyamba kubwera m'mutu mwake lidzakhala lanu. N'chifukwa chake ndikhalitsa pa nkhani ya rimoti yotayikayo kuposa pa mtengo.

Tisanafike kumeneko, ndikufunseni kaye: mwatsimikiza kuti alamuyo yathadi ntchito? Ine ndikukayika. Tracker ndi alamu sizigwira ntchito imodzi. Tracker imakuuzani kumene njinga yapita itabedwa kale, pomwe alamu imakudzutsani wakuba akadali pakhomo, mwinanso n'kumuthawitsa asanaikankhe. Tracker imadalira netiweki ya foni, imadalira kuti SIM ili m'katimo ikhale ndi mayunitsi kapena bandulo, komanso kuti wakuba asaipeze msanga. Mbava za njinga masiku ano zimadziwa kuti pansi pa mpando, m'mbali mwa batire ndi kuseri kwa nyali ndi momwe timabisa tizipangizoti, ndipo zimayamba kufufuza momwemo. Kumbukiraninso kuti kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza si ulendo wa tsiku lonse, ndipo pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo amene msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, tsidya lina la msewu ndi Mozambique. Njinga ikalowa mkati mwa dziko la eni, SIM ya kuno ikhoza kukhala chete. Ina saipititsa n'kutali komwe, amaiphwasula usiku womwewo n'kuyamba kugulitsa zipangizo. Ndalama imene mupeze pa alamu yakaleyi mwina ndi ya masiku awiri kapena atatu a kabaza. Nanga ndalama yogulira njinga ina ndi ya miyezi ingati? Ndikanakhala ine, zonse ziwiri zikanakhala pomwepo, n'kuwonjezera tcheni ndi loko wolimba.

Chifukwa chimodzi chomveka chochotsera alamu ndi batire. Batire za njinga zambiri za kabaza ndi zazing'ono, za 12V, zina 5Ah zina 7Ah (Ah ndi muyezo wa moto umene batire imasunga). Alamu imadya moto ngakhale njinga ili chiimire, chifukwa imakhala ikumvetsera rimoti usana ndi usiku. Tiyerekeze kuti ikudya ma milliamp 5 (milliamp ndi muyezo waung'ono wa moto umene chipangizo chikukoka). Pa tsiku ndi 120, pa masiku 30 ndi 3,600, kutanthauza 3.6Ah, gawo lalikulu la batire ya 5Ah. Kwa inu amene mumayenda tsiku lililonse si nkhani, injini imabwezera. Koma mukawonjezerapo tracker, batire n'kukhala yotopa kale, mumayamba kuona kuti mukagona Lamlungu osayenda, Lolemba sitata ikungoti kete, mpaka muponde kiki. Ngati ndi zimenezi zikukuchitikirani, yezetsani kaye batire ndi chaji. Batire yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.6V njinga itazima, ndipo injini ikulira iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Nthawi zambiri wolakwa amapezeka kuti ndi batire kapena regulator, kachipangizo kowongolera chaji yopita ku batire, alamu n'kumangonamiziridwa.

Tsono tinene kuti mwaganiza mofatsa ndipo mukugulitsabe. Tiyambe ndi rimoti.

Funso langa ndi lakuti inatayikira kuti? Ngati inagwera m'chimbudzi kapena inaphwanyika pamsewu inu mukuona, palibe nkhawa. Koma ngati inasowa pa siteji, kapena munabwereketsa njinga kwa munthu n'kubwera makiyi opanda rimoti, ndiye kuti kwinakwake kuli munthu amene ali ndi kiyi wa alamu imeneyi. Ndipo mukufuna kuigulitsa kwa munthu woima pa siteji yomweyo. Amene anatola rimotiyo safunika nzeru zambiri: angoyenda pafupi ndi njinga zitaima, n'kudina, n'kuona njinga imene yaphethira ma indiketa. Ngati alamu yanu ndi ija yolizanso injini ndi rimoti, ndiye kuti angathe kuiliza popanda kiyi.

Chimene mungachite chikudalira mtundu wa alamu. Ma rimoti ambiri a ma alamu ochokera ku China amatumiza uthenga pa 433 MHz kapena 315 MHz, ndipo nambala imeneyi kawirikawiri imalembedwa pa kachitsulo kowala m'kati mwa rimoti. Mukatsegula rimoti yatsalayo muonanso kachipu kakuda ka miyendo, kolembedwa dzina. Kakakhala PT2262, kapena dzina lina lothera ndi 2262, imeneyo ndi ya khodi yokhazikika: khodi yake anaiika powotcherera timiyendo, ndipo mitundu ya makhodi ake nthawi zambiri sipitirira 6,561. Yoteroyo siyiwala rimoti yakale pokhapokha munthu wodziwa asinthe zowotchererazo mbali zonse ziwiri, m'rimoti ndi m'kabokosi. Kakakhala EV1527, rimoti iliyonse ili ndi khodi yakeyake mwa makhodi opitirira 1 miliyoni, ndipo kabokosi ka alamu kamachita kuphunzitsidwa kuti kamvere rimoti iti. Pa ma alamu ambiri a mtundu umenewu, wa zamagetsi angathe kufufuta ma rimoti onse akale n'kuphunzitsa atsopano. Imeneyo ndiye njira yoyera: gulani rimoti ina yogwirizana nayo, mufufutitse zakale, muphunzitse ziwirizo, yotayika ija isanduke chidole. Ndanena kuti ambiri, osati onse, chifukwa pali tina totchipa timene anatimata ndi phula lakuda m'kati, mopanda batani kapena njira yophunzitsira. Palinso ma alamu odula a khodi yosinthasintha, imene imasintha ukadina ulendo uliwonse. Amenewo rimoti yake sugula pamsika wamba, ndipo mtengo wa rimoti yokha ukhoza kudya phindu lonse la malondawo.

Muchenjere ndi njira yachidule imene anyamata ena okonza mafoni angakupatseni, yokopera rimoti. Alipo ma rimoti amene amamvetsera inzake n'kutengera khodi yake. Zimagwira ndithu pa ma alamu amene khodi yake sisintha, ndipo mnzanuyo adzakhala ndi ma rimoti awiri. Koma yotayika ija idzakhala ikugwirabe ntchito, ndiye kuti ma rimoti ali atatu, imodzi ili m'thumba la munthu wosadziwika. Ngati alamu yanu ndi yosatheka kufufuta, muuzeni mnzanuyo zoona zake, kuti rimoti inasowa, inasowera pakuti, nthawi yakuti. Asankhe yekha. Kapena igulitseni kwa munthu wa kutali, wa ku Kasungu kapena ku Salima, kumene mwayi woti rimoti ija ikakumane ndi alamu yake ndi wochepa kwambiri.

Ndikukumbukira mnyamata wina amene anabwera kwa ine atakwiya, akuti alamu imene anagula kwa msuweni wake imadzitsekula yokha masana pa siteji. Tinaiyeza, inalibe vuto lililonse. Patapita masiku zinadziwika kuti rimoti yachiwiri, imene msuweniyo ankati inatayika, inali pa makiyi a mnzawo wina amene ankaibwereka njinga kale, ndipo ankangoidina mwamasewera kuti aziseka. Panalibe kuba, koma pachibale panalowa mphepo mpaka akuluakulu analowererapo.

Za kuchotsa nokha. Ngati amene anaika alamuyo anagwiritsa ntchito mapulagi, aja ongolowetsa pakati pa pulagi ya swichi ndi mawaya a njinga, mukhoza kuchotsa nokha: mumasula batire kaye, kuyambira waya wa negetivu, n'kuzula mapulagi a alamu, n'kubwezera a njinga m'malo mwake. Koma kunena zoona, ma alamu ambiri amene ndimawaona pa njinga za kabaza anaikidwa posenda mawaya ndi lezala, kupota ndi zala, n'kukulunga tepi. Apo ndiye pamafunika munthu wodziwa, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Kuti alamu izitha kuletsa injini kulira, woika amadula waya umodzi wa njinga n'kudutsitsa moto wake m'kabokosi ka alamu. Pa ma alamu ambiri a ku China mawaya a ntchito imeneyi ndi awiri, wa pinki ndi wotuwa. Mukachotsa kabokosi, waya wa njinga uja amatsala wodukaduka pawiri, ndipo ayenera kulumikizidwanso.

Chimene chimachitika mukaiwala chimasiyana malinga ndi CDI ya njinga yanu, kabokosi kamene kamatumiza moto ku pulagi ya injini kuti ilire. Njinga za CDI yotenga moto ku batire, mukasiya wayayo osalumikiza, sizilira n'komwe, muponda kiki mpaka thukuta. Zimenezo n'zabwinoko, chifukwa mudziwa pomwepo kuti pali cholakwika. Choopsa chili pa njinga za CDI yotenga moto ku koyilo ya injini, zimene zilipo zambiri pakati pa njinga zotengera mawaya a Honda. Pa zimenezi, kiyi amazimitsa injini pogwetsera pansi moto wa waya wakuda wa mzere woyera. Waya ameneyo akatsala woduka, njinga imalira bwinobwino, inu n'kumati ntchito yatheka. Mukafika kunyumba n'kutseka kiyi, injini osazima. Ndipo choipa kwambiri, aliyense angathe kuiliza ndi kiki popanda kiyi. Ndaonapo anthu akuyenda sabata yathunthu akuzimitsa njinga ndi giya, osadziwa kuti njinga yawo yasanduka ya aliyense. Choncho mukamaliza kuchotsa, yesani zinthu zitatu musanachoke pamalopo: ilire ndi kiyi, izime ndi kiyi, ndipo ikane kulira ndi kiki kiyi atatsekedwa.

Malo onse amene anasendedwa, pa ma indiketa, pa waya wa sitata, pa waya wa swichi, awotcherereni ndi kuwaphimba bwino. Kupota ndi zala n'kukulunga tepi kumagwira m'chilimwe, koma mvula ikayamba mu Novembala madzi amalowa, tepi imamatuka, ndipo shoti ya pansi pa thanki ya petulo si yoseweretsa. Samalaninso kuti amene anakuikirani tracker mwezi wathawu sanatenge moto pa waya wa alamu. Amisiri ambiri amakonda kutero chifukwa waya wofiira wa alamu amakhala pafupi ndipo ali kale ndi fyuzi. Mukazula alamu mosayang'ana, tracker idzayenda maola angapo ndi kabatire kake ka m'kati, kenako n'kuzima, inu osadziwa. Mukatha ntchito tsegulani foni muone ngati ikuonetsa kuti ikulandira moto wa njinga.

Pochotsa, musadule mawaya a alamu pafupi ndi kabokosi. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Alamu ya mawaya aatali, pulagi yake yosathyoka, fyuzi ili pomwepo ndi kawaya ka eriyo kosaduka, woika amaikonda ndipo wogula amalipira bwino. Ya mawaya otsala ngati zala za mwana imafuna kulumikiza paliponse, ndipo polumikiza paliponse ndi pobisala vuto la mawa. Musanamasule kanthu, jambulani ndi foni mmene waya aliyense walowera, kapena matani katepi pa waya aliyense n'kulemba kuti uyu wa indiketa, uyu wa sitata. Mitundu ya mawaya imene ndatchula ndi yofala, koma si lamulo. Mafakitale ena amasintha. Ngati kapepala ka malangizo kanatayika limodzi ndi lisiti, zithunzi zimenezo ndiye zilowe m'malo mwake.

Ikachoka pa njinga, iyeseni patebulo mnzanuyo akuona. Malonda ndi m'maso. Pamafunika batire ya 12V, mababu awiri a indiketa ndi mita yoyezera magetsi. Waya wofiira ku pozitivu kudzera pa fyuzi, wakuda ku negetivu, mababu pa mawaya a ma indiketa, sayirini pa pulagi yake. Dinani kutseka: ilire kamodzi, mababu aphethire. Gogodani kabokosi ndi chala: ichenjeze, mukabwereza ilire mokweza. Dinani kutsekula: ikhale chete. Wa zamagetsi aike mita pa mawaya awiri oletsa injini aja, aone ngati zikusintha alamu ikatsekedwa ndi ikatsekulidwa, chifukwa pali ma alamu amene amalira bwino koma relay yake, kaswichi ka m'kati koletsa injini, inapsa kalekale, moti phokoso lilipo koma njinga ikhoza kulira n'kumapita. Kenako aike mita pa waya wofiira ayeze moto umene ikudya ili chete. Ma milliamp owerengeka ndi abwino. Ikamadya 20, pa sabata yamaliza kupitirira 3Ah, ndipo imeneyo ndi yakupha batire, musamugulitse mnzanu. Pomaliza mnzanuyo atenge rimoti ayende nayo, aone kuti ikugwira kuchokera patali bwanji. Ikamafuna kuti uyandikire ngati ukunong'oneza, kawirikawiri ndi kabatire ka m'rimoti: ena amadya kabatire kakang'ono ka 12V kolembedwa 23A kapena 27A, ena kaphwatalala ka 3V monga CR2032. Ikanimo katsopano musanagulitse, ndi ndalama yochepa koma imasintha nkhope ya wogula.

Yang'ananinso m'mapini a pulagi. Mukaona zobiriwira kapena zoyera ngati ufa, madzi analowapo. Sayirini yomwa madzi imasasa mawu, imalira ngati tambala wachimfine. Njinga za kabaza zimatsukidwa pafupipafupi, nthawi zina ndi madzi a mphamvu a pa car wash, ndipo kabokosi koikidwa mawaya ataloza kumwamba kamatunga madzi ngati chikho. Alamu yotero imatha kugwira lero patebulo n'kuyamba misala mwezi wamawa, kulira yokha 2 koloko usiku mpaka aneba kukudandaulirani kwa a landilodi. Ngati mwaona zizindikiro zimenezi, tsitsani mtengo kwambiri ndipo nenani chifukwa chake, kapena igulitseni kwa wa zamagetsi ngati zipangizo. Sayirini yabwino ndi rimoti zimakhala ndi msika wake.

Mtengo tsopano. Sindikupatsani nambala, chifukwa mitengo ya zinthu zochokera kunja ikusintha mofulumira, ndipo imene ndingalembe lero idzakhala yabodza mwezi wamawa. Musawerengerenso pa ndalama imene munagulira. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kuchokera apo mitengo ya m'mashopu a zipangizo sinakhale malo amodzi. Pitani ku Old Town, muyende mashopu atatu kapena anayi a zipangizo za njinga cha ku Malangalanga, mufunse mtengo wa yatsopano yofanana ndi yanuyo lero. Pamenepo ndiye poyambira. Mwa kuona kwanga, alamu yakale yokwanira zonse, ma rimoti awiri, mawaya aatali, yoyesedwa pamaso pa wogula, theka la mtengo wa yatsopano ndi chilungamo. Ya rimoti imodzi imatsika kufika cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Musadabwe nazo. Wogula akuwerengera kuti yatsopano imabwera ndi ma rimoti awiri, mawaya osadulidwa ndi pokadandaula ikafa sabata yoyamba, ndipo ndalama ya woika ndi yomweyo kaya alamu ndi yatsopano kapena yakale. Inunso chotsani ndalama imene mulipire wochotsa ndi ya rimoti yatsopano. Mukawerengera zonsezi mwina mupeza kuti chotsala m'manja n'chochepa, ndipo mubwerera ku funso langa loyamba lija.

Njira imene imakomera onse awiri ndi iyi: pitani limodzi kwa wa zamagetsi mmodzi, njinga zonse ziwiri, tsiku limodzi. Achotse kwa inu, ayese, aike kwa mnzanuyo, ndipo ndalama ya mmisiri mugawane. Ubwino wake ndi woti pakhala mboni yodziwa ntchito imene yaona kuti alamu inali yamoyo pochoka m'manja mwanu. Ma alamu ambiri amene amati "anandigulitsa yakufa" amafera m'manja mwa woika, amene wasemphanitsa waya wofiira ndi wakuda kwa kamphindi, kapena walumikiza mawaya oletsa injini mosayang'ana kuti CDI ya njinga yatsopanoyo ndi ya mtundu wina. Njinga yanu ndi ya mnzanuyo zikhoza kufanana maonekedwe koma mawaya ake n'kukhala osiyana. Boxer ya Bajaj, mwachitsanzo, sitsata mitundu ya mawaya ya njinga za ku China zotengera Honda.

Ngati alamuyo ili ndi batani loliza injini, muchenjezeni mnzanuyo. Njinga za kabaza ndi za magiya, ndipo ambiri timazisiya mu giya pamalo otsetsereka. Rimoti ikadinika m'thumba, sitata imakankha njinga n'kuigwetsa, mwina pa mwana amene akusewera pafupi. Ine ndikamaika pa njinga ya magiya, waya wa sitata ndimausiya osalumikiza pokhapokha mwini wake aumirire. Chimodzimodzi batani lozimitsa injini njinga ikuyenda, lija amati ndi lothana ndi olanda: ndi lothandiza, koma likadinika mwangozi muli ndi pasenjala pakati pa magalimoto pa Mchesi, ndi ngozi. Rimoti isamakhale m'thumba lothina limodzi ndi makobidi.

Lisiti lotayika lisakusowetseni tulo, koma musalinyozere. Zina mwa zipangizo za njinga zimene zimagulitsidwa pamanja zimachokera ku njinga zobedwa, ndipo malamulo a dziko lino amalanga wolandira katundu wobedwa, osati wakuba yekha. Wogula wanzeru ayenera kufunsa kumene alamu yachokera. Kwa inu n'zosavuta chifukwa mnzanuyo wakhala akuiona pa njinga yanu zaka ziwiri. Komabe lembani kapepala, makope awiri: tsiku, mayina anu, mtundu wa alamu ndi nambala iliyonse yolembedwa pa kabokosi, kuti ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, kuti ma rimoti ndi angati ndipo ina inatayika, kuti yayesedwa pamaso pa onse, mtengo, ndi masiku amene mwagwirizana kuti akhoza kubweza ikavuta. Ine ndimalangiza sabata imodzi, ndipo mawaya akhale osapsa. Asainire tcheyamani wa pa siteji kapena wa zamagetsi uja ngati mboni. Ena amaona ngati kulemberana ndi mnzako ndi kusakhulupirirana, koma milandu yambiri imene imafika kwa atcheyamani ndi ya anthu amene ankakhulupirirana kwambiri moti sanalembe kanthu.

Za kulipira pang'onopang'ono, apa ndikuuzani mosapsatira: pa katundu wa ndalama yochepa ngati uyu, ngongole ndi imene idzakudanitseni, osati alamu. Ikangolira yokha usiku umodzi, gawo lotsalalo simudzalionanso, ndipo mudzayamba kuzembana pa siteji. Ngati mnzanuyo alibe yonse lero, azisonkha kaye, alamu ikhale pa njinga yanu ikukulonderani, tsiku limene yakwana mupite kwa mmisiri. Kapena mutsitsireni pang'ono kuti alipire kamodzi. Akalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, onani balansi yanu nokha, musadalire uthenga wongoonetsedwa pa foni ya wina. Kwa mnzanu mwina sizofunika, koma mukagulitsa kwa mlendo ndi lamulo.

Ndipo ngati mnzanuyo abwerera m'mbuyo, inu n'kuganiza zoilengeza pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ganizirani chimene mukuuza anthu. Mukalemba kuti "ndachotsa alamu pa njinga yanga, ndikugulitsa," n'kuika chithunzi cha njinga, nambala yake ikuoneka, kumbuyo kukuoneka geti la kwanu, mwalengeza kwa mbava zonse za mu Lilongwe kuti njinga yakuti, yogona pakuti, ilibe alamu. Jambulani alamu yokha patebulo. Musatchule kuti mwaika tracker, ndipo wogula asaone pamene yabisidwa. Ngakhale pa tsiku lochotsa, mmisiri atsegule njinga yanu anthu asanaunjikane. Wogula wosamudziwa mukumane naye masana, kwa mmisiri, osati kunyumba, ndipo asakuitanireni kumalo achilendo madzulo kuti "mubwere nayo pa njinga tidzaione ikulira." A kabaza ambiri avulazidwa ndi kulandidwa njinga poitanidwa ndi anthu onamizira kuti ndi makasitomala.

Popeza mwalowa m'dziko la ma tracker, ndikusiyireni mawu a mtsogolo, chifukwa tsiku lina mudzafunanso kugulitsa imeneyo kapena njinga yonse. SIM ili m'katimo inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, monga mmene MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mauthenga, imafunira pa SIM iliyonse, choncho siyenera kupita ndi wogula. Nambala yanu ya foni iyenera kufufutidwa m'kachipangizoko, ndipo akaunti imene imaonetsa mapu ichotsedwe m'dzina lanu. Lero lomwe, ngati simunasinthe nambala yachinsinsi imene inabwera nayo, isintheni. Zambiri zimabwera ndi 123456 kapena 0000, ndipo amene anakuikirani, ndi aliyense wodziwa nambala ya SIM imeneyo, angathe kuona pamene njinga yanu ili, pena ngakhale kuizimitsa.

Pitani kwa wa zamagetsi msanga, osadikira, mukaona chimodzi mwa izi mutachotsa alamu: fyuzi ikupsa mobwereza, fungo la pulasitiki yopsa, waya wotentha mukamugwira, ma indiketa onse akuyaka pamodzi, njinga ikuzima yokha pa mabampu, kapena batire ikuphwa usiku umodzi. Musaike waya wa kopa kapena pepala la siliva m'malo mwa fyuzi kuti mumalize tsiku. Ndipo ngati pali chifukwa choganizira kuti rimoti ija sinatayike koma inachita kutengedwa, dziwitsani atcheyamani a pa siteji, ndipo musinthe malo ogoneka njinga kufikira alamu itaphunzitsidwa ma rimoti atsopano kapena itachotsedwa.

Tsegulani rimoti yatsalayo ndi kasikuludiraiva kakang'ono, muwerenge zolembedwa pa kachipu kakuda ndi pa kachitsulo kowala, muonenso dzina lili pa kabokosi pansi pa mpando. Mukandilemberanso ndi zimenezo, pamodzi ndi mtundu wa njinga yanu ndi ya mnzanuyo, ndidzakuuzani ngati rimoti yotayikayo ingafufutike komanso waya woti mmisiri wanu asamale nawo.